Bolodi la ESP32 likuzima lokha Wi-Fi ikangoyamba, ndipo m'mawa likukana kudzuka

Funso: Ndinapanga bolodi langa lokhala ndi module ya Wi-Fi ya ESP32-WROOM-32. Magetsi akuchokera ku batire la lithium la 18650 lomwe limachajidwa ndi kasola kakang'ono, kenako akudutsa pa regulator ya AMS1117-3.3, yotsitsa voltage kufika 3.3 V. Pa pini ya EN ndinangoika resistor ya 10 kΩ yopita ku 3.3 V. Wi-Fi ikangoyamba kulumikiza, bolodi limayambiranso lokha, chonsecho multimeter ikuwerenga pafupifupi 3.2 V. Komanso batire likathera usiku, m'mawa dzuwa likatuluka bolodi silidzuka mpaka nditadina batani la reset. Ndikufuna kuwonjezerapo SIM800L, module yolumikiza ku netiweki ya foni. Kodi module yafa, kapena vuto lili mu pulogalamu?

Yankho: Module yanu ili moyo, ndipo pulogalamu muisiye kaye. Mavuto mwatchulawa ndi awiri osiyana, ngakhale onse akuchokera ku magetsi. Loyamba, magetsi akuperewera pa kanthawi kochepa kamene wailesi ya mu module ikutumiza. Lachiwiri, chip chikuloledwa kudzuka magetsi asanakhazikike. Mukakonza limodzi n'kusiya linzake, bolodi lizikuvutitsanibe.

Tiyambe ndi multimeter, popeza ndi imene ikukupusitsani. Module ya wailesi siikoka magetsi mofanana nthawi zonse ngati babu, imakoka modukizadukiza. ESP32 ikamayendetsa pulogalamu wailesi ili yozima, imakoka ma milliamp makumi angapo chabe. Ikamamvetsera Wi-Fi imafika pafupifupi 100 mA. Ikatumiza ndi mphamvu zake zonse pa mtundu wa Wi-Fi wa 802.11b, datasheet ya Espressif, kampani yopanga ESP32, imati 240 mA, ndipo kudumphaku kumachitika m'ma microsecond ochepa. N'chifukwa chake Espressif imafuna gwero lotha kupereka 500 mA kapena kuposa. Multimeter imawerenga kawiri kapena katatu pa sekondi n'kukuonetsani avereji. Voltage ikagwa kufika 2.3 V kwa theka la millisecond, pa sikirini simuona kanthu, koma chip chamva kale.

Umboni uli pa serial. Lumikizani bolodi ku kompyuta pa 115200 baud muwerenge zimene likulemba lisanazime. Mukaona mawu akuti "Brownout detector was triggered", nkhani yatha: kachipangizo ka m'kati mwa ESP32 koyang'anira voltage kaona kuti yatsika kupyola pafupifupi 2.43 V, ndipo kachita reset mwadala. Mu pulogalamu mutha kufunsanso ndi esp_reset_reason, yomwe imabweza ESP_RST_BROWNOUT. Pa intaneti mupeza anthu ambiri akulangiza kuti muzimitse brownout detector ndi mzere umodzi wa code. Musatero. Voltage izigwabe, kungoti tsopano chip chizipitiriza kugwira ntchito pa voltage imene flash yake, memory yosungira pulogalamu, singadalirike, ndipo tsiku lina kugwako kudzakumana ndi nthawi yolemba mu flash, zimene munasunga n'kuwonongeka.

Regulator

AMS1117 ndi yolakwika pa batire limodzi la lithium. Regulator iliyonse ya mtundu wa LDO (low-dropout), monga AMS1117, imafuna kuti voltage yolowa ipose yotuluka ndi mlingo winawake, umene amautcha dropout. Dropout ya AMS1117 ndi 1.1 V kapena kuposerapo pang'ono ikamakokedwa kwambiri. Kuti itulutse 3.3 V yokhazikika imafuna pafupifupi 4.4 V. Batire la 18650 lodzaza limathera pa 4.2 V, ndipo nthawi yambiri limakhala pakati pa 3.6 V ndi 3.9 V. Ndiye kuti regulator yanu sinagwirepo ntchito yake ngakhale tsiku limodzi, imangochotsa volt imodzi pa chilichonse chimene batire lapereka. Batire likakhala pa 3.7 V, module ikulandira 2.6 V kapena 2.7 V, pamene WROOM-32 imafuna 3.0 V mpaka 3.6 V. Muwonjezerepo kuti AMS1117 imadya yokha pafupifupi 5 mA usana ndi usiku, ngakhale ESP32 itagona mu deep sleep n'kumakoka ma microamp ochepa. Batire lanu likuthera usiku mwa zina chifukwa cha yomweyo.

Isintheni ndi LDO ya dropout yochepa yotha kupereka 500 mA kapena 600 mA. AP2112K-3.3 imapereka 600 mA, dropout yake ndi pafupifupi 250 mV, ndipo yokha imadya pafupifupi 55 µA. Ndi imeneyi module izilandira 3.0 V kapena kuposa mpaka batire litatsika kufika cha m'ma 3.3 V, pamene mphamvu yambiri ya batire imakhala itagwiritsidwa kale ntchito. MCP1700 ndi HT7333 zimakopa anthu chifukwa zimadya pang'ono kwambiri, koma zonse zimathera pa 250 mA. Zimenezo n'zabwino pa module ya LoRa ngati SX1276, yomwe imakoka 120 mA pa +20 dBm. Pa Wi-Fi ndi zochepa.

Ngati mtsogolo mudzatenge magetsi ku 12 V, LDO musaiganizire n'komwe. Kutentha kwake ndi kusiyana kwa voltage kuchulukitsa ndi current: 8.7 V pa 0.25 A ndi ma watt oposa awiri, amene kathupi ka SOT-223 ka AMS1117 sikangawataye. Pamenepo pamafunika buck converter, yomwe imatsitsa voltage osataya mphamvu yambiri ngati kutentha.

Vuto lomweli limabwera pa USB, ndipo anthu amadabwa poti AMS1117 pa 5 V imayenera kukwanira. Chingwe cha USB chotchipa chimakhala ndi mawaya a 28 AWG, pafupifupi 0.21 Ω pa mita iliyonse. Chingwe cha mamita awiri, kupita ndi kubwerera, ndi mamita anayi a waya, pafupifupi 0.85 Ω. Pa 0.4 A chadya kale 0.34 V. Mabolodi ambiri ogula amakhala ndi diode ya Schottky pakhomo yomwe imadyanso pafupifupi 0.3 V. Zotsala ndi 4.36 V, pamalire penipeni pa AMS1117. Bolodi likamagwira pa chingwe china n'kumakana pa china, chifukwa chake n'chimenechi.

Capacitor imathandiza pati, imalephera pati

Pafupi ndi pini ya 3V3 ya module muike capacitor ya ceramic ya 10 µF mpaka 22 µF, pambali pake ina ya 0.1 µF. Zikhale pa mamilimita ochepa kuchokera pa pini, ndipo mwendo wa ground ulowe mwachindunji mu ground plane, gawo lalikulu la kopa la ground pa bolodi. Capacitor yoikidwa masentimita khumi kutali, kumapeto kwa waya wopyapyala, ntchito yake yatha kale, poti waya yekhayo amachedwetsa current imene ikufunika mwadzidzidzi. Sankhani ceramic ya mtundu wa X5R kapena X7R, osati Y5V. Muzikumbukiranso kuti ceramic yaing'ono imataya gawo la capacitance yake ikakhala pa voltage ya DC. Ya 22 µF yolembedwa 6.3 V mu kathupi ka 0603 imatha kutsala ndi yochepa kwambiri kuposa yolembedwayo ikakhala pa 3.3 V. Tengani ya 10 V mu kathupi ka 0805 kapena 1206.

Koma musayembekezere kuti capacitor ibisa kufooka kwa regulator. Masamu ake ndi osavuta: capacitance yofunika ndi current kuchulukitsa ndi nthawi, kugawa ndi voltage imene mwalola kuti igwe. Paketi imodzi ya Wi-Fi ya ma byte 1500 pa liwiro lotsikitsitsa la 1 Mbps imatenga 12 ms kuti ituluke. Kuti capacitor yokha ipereke 250 mA kwa 12 ms voltage n'kungogwa ndi 0.3 V, pamafunika 10,000 µF. Ntchito yeniyeni ya capacitor ndi kugwirizira ma microsecond oyambirira, pamene regulator isanazindikire kuti katundu walemera. Zotsalazo ndi za regulator ndi batire. Electrolytic ya 100 µF mpaka 470 µF kumbali yolowera ya regulator imathandiza ngati mawaya ochokera ku batire ndi aatali, ndipo sindiletsa, bola mudziwe kuti ndi yothandizira chabe.

Pini ya EN

Apa ndi pamene pali vuto lanu la m'mawa, ndipo n'lovutirapo kulimvetsa.

EN, imene pa chip imatchedwa CHIP_PU, ndi yomwe imalola ESP32 kudzuka. Lamulo la datasheet ndi loti 3.3 V iyambe yakhazikika, padutse osachepera 50 µs, kenako EN ikwere. Pochita reset, EN itsike pansi pa 0.6 V kwa 50 µs kapena kuposa. Inu mwaika resistor yokha, choncho EN ikukwera limodzi ndi magetsi, popanda kudikira. Espressif imalangiza resistor ya 10 kΩ kupita ku 3.3 V ndi capacitor ya 1 µF kupita ku ground. Ziwirizi zimapereka time constant (resistance kuchulukitsa ndi capacitance) ya 10 ms, ndipo EN imafika pa magawo atatu mwa anayi a 3.3 V patadutsa pafupifupi 14 ms. Capacitor imeneyi muiike lero lomwe. Imathandizanso polowetsa pulogalamu: mabolodi amene esptool, chida cha pa kompyuta cholowetsera pulogalamu, imalephera kuwalowetsa mu download mode, mmene chip chimadikira pulogalamu yatsopano, mpaka munthu atadina batani la BOOT, kawirikawiri amakhala ndi capacitor yochepa kwambiri pa EN.

Komabe resistor ndi capacitor zokha sizithetsa vuto la sola. Kuchedwa kwa 14 ms kumagwira ntchito magetsi akabwera msangamsanga, monga pamene mwalowetsa chingwe. M'mawa, batire lili lotheratu, kasola kamayamba ndi current yochepa zedi, ndipo voltage imakwera pang'onopang'ono kwa mphindi zambiri. Pa liwiro limenelo capacitor ya pa EN imangotsatira voltage ngati palibe. Chip chimadzuka pa voltage yosakwanira, chimayesa kuwerenga flash, chimakoka current, voltage imagwanso koma osafika pansi moti n'kuchititsa reset yeniyeni. Chimatsala pakatikati, chosazima komanso chosagwira ntchito, n'kumadya kamphamvu kamene kakanachaja batire. Dzuwa likakwera voltage imakhala bwino, koma palibe chochiuza chip kuti chiyambirenso. Chala chanu pa batani ndiye chikugwira ntchito imeneyo.

Zofananazi zimachitika magetsi akaphethira. Akazima kwa 5 ms n'kubwerera, capacitor ya pa EN imakhala isanakhuthuke, choncho EN siitsika pansi pa 0.6 V ndipo chip sichilandira reset yoyera. Diode yoikidwa pambali pa resistor ya 10 kΩ, cathode ku 3.3 V ndi anode ku EN, imafulumizitsa kukhuthukako, koma pa kukwera kwapang'onopang'ono ilibe chochita.

Mankhwala ake ndi voltage supervisor, kachip ka miyendo itatu komwe kamagwira EN pansi mpaka voltage itadutsa mlingo woikika, kenako kamadikira kanthawi kasanaisiye, ndipo voltage ikatsikanso kamaigwetsa nthawi yomweyo. Espressif yeniyo imalangiza zimenezi pa magetsi okwera pang'onopang'ono ngati a batire lomwe likuchajidwa kapena a sola, ndi mlingo wa pafupifupi 3.0 V. MAX809 ndi m'bale wake MAX803 amapezeka ndi milingo ya 2.93 V ndi 3.08 V, ndipo amadikira osachepera 140 ms. Ndingasankhe wa 2.93 V, chifukwa 3.08 V ili pafupi kwambiri ndi 3.3 V moti kugwa pang'ono kwa nthawi yotumiza kuzichititsa reset yosafunika. Chenjerani ndi mtundu wa output. MAX809 ndi push-pull, kutanthauza kuti imakankha pini m'mwamba ndi mphamvu. Ngati pa EN pali batani kapena ma transistor a auto-reset, iwo akamakokera pansi azilimbana nayo. MAX803 ndi open-drain, imangokokera pansi basi, ndipo resistor yanu ya 10 kΩ ndiyo imakweza. Pa bolodi lanu tengani open-drain.

Supervisor ikalowa, patsala msampha umodzi. Batire lofooka limafika pa mlingo, supervisor imasiya EN, pulogalamu imayatsa Wi-Fi pompo, voltage imagwa, reset, ndipo zimazungulira chomwecho m'mawa wonse batire osachajika. Apa pokha ndi pamene pulogalamu ili ndi mbali. Chinthu choyamba ikadzuka, iyeze voltage ya batire isanayatse wailesi. Ikapeza pansi pa 3.5 V, ilowe mu deep sleep kwa mphindi khumi kapena makumi awiri n'kudzayesanso. Poyezera gwiritsani ntchito ma resistor awiri a 100 kΩ ogawa voltage pakati, capacitor ya 0.1 µF pa mphambano yake, ndi pini yoyezera voltage ya gulu la ADC1, imene ndi GPIO32 mpaka GPIO39. Mapini a ADC2 sawerengeka Wi-Fi ikayaka.

Muonenso zimene mwalumikiza ku mapini amene chip chimawerenga pa nthawi imene EN ikukwera: GPIO0, GPIO2, GPIO5, GPIO12 ndi GPIO15. GPIO0 ikakhala pansi, chip chimalowa mu download mode n'kukhala chete ngati chafa. GPIO12 ikakhala m'mwamba, chip chimapatsa flash 1.8 V m'malo mwa 3.3 V, ndipo WROOM-32 siidzuka. Sensor yokhala ndi pull-up yake yoikidwa pa GPIO12 yasowetsa anthu ambiri tulo. Capacitor yaikulu pa GPIO0 nayo imalakwitsa, chifukwa piniyo imakhala ikadali pansi pamene EN yakwera kale.

SIM800L

Zonse tanena pamwambazi zimakula kakhumi pa GSM, netiweki ya foni ya 2G imene SIM800L imagwiritsa ntchito. SIM800L imafuna 3.4 V mpaka 4.4 V, choncho 3.3 V ya regulator ndi yochepa ndipo 5 V ikhoza kuiwotcha. Ilumikizeni mwachindunji ku batire la lithium. GSM imatumiza kwa 577 µs pa 4.615 ms iliyonse, ndipo pa kanthawi kameneko module imatha kukoka 2 A, makamaka pamene netiweki ili yofooka. Kulira kwa "dididi" kumene sipika imachita foni ikayandikira ndi kudukiza komweku, ka 217 pa sekondi.

Pa 2 A, resistance yaing'ono iliyonse imaoneka. Batire lenilenilo, ma transistor a pa kabolodi koteteza batire, chogwirira batire, switch ndi mawaya, zonse pamodzi zimafika 0.15 Ω mosavuta, ndipo pamenepo pagwa 0.3 V. Batire la pa 3.7 V lafika pa 3.4 V, malire a module. SIM800L imalemba chenjezo la under-voltage pa serial ikafika 3.5 V ndipo imadzizimitsa yokha pansi pa 3.4 V. Chizindikiro chodziwika ndi nyali ya netiweki kuphethira kangapo, kuzima, kenako kuyambiranso, chifukwa module imagwa pa nthawi imene ikuyesa kulembetsa pa netiweki. Pa breadboard ndi timawaya ta jumper musayembekezere kuti igwira. Wotchererani mawaya aafupi okhuthala, ndipo pa PCB njira ya VBAT ikhale yotakata mamilimita awiri kapena kuposa.

Apa capacitor yaikulu ili ndi phindu lenileni, popeza kukokako ndi kwakufupi. Mwa masamu omwe aja, 2 A kwa 577 µs ndi kugwa kwa 0.4 V kumafuna pafupifupi 2900 µF ngati capacitor ikanakhala yokha. Poti batire likuthandizira, 470 µF mpaka 1000 µF imakwanira, koma ikhale ya ESR (resistance ya m'kati mwa capacitor) yochepa. ESR ya 0.1 Ω pa 2 A imadya 0.2 V capacitor isanayambe n'komwe kukhuthuka, n'chifukwa chake tantalum kapena polymer imaposa electrolytic wamba ya kukula komweko. Pambali pake ikani 0.1 µF, ndi tating'ono ta 33 pF ndi 10 pF tochotsa phokoso la wailesi. Mawaya a SIM800L ndi a regulator ya ESP32 achoke padera kuchokera pa batire penipeni, ground nayonso chimodzimodzi. Mukazilumikiza mondondozana pa waya mmodzi, GSM ikatumiza ESP32 izichita brownout, ndipo mudzaganiza kuti vuto lakale labwerera.

Mapini a serial a SIM800L amagwira pa 2.8 V. Kuchokera pa TX ya ESP32 ikani resistor ya 1 kΩ kupita ku RX ya module ndi ya 5.6 kΩ kuchokera pa RX kupita ku ground, zimene zimatsitsa 3.3 V kufika 2.8 V. Pini ya RST imafuna kukokedwa pansi kwa 105 ms kapena kuposa, kudzera pa transistor kapena pini ya open-drain, ndipo musaikankhe m'mwamba ndi 3.3 V. Reset ya pa pini ikhale ya pamene module yasiya kuyankha. Masiku onse gwiritsani ntchito AT+CFUN=1,1 poyambitsanso ndi AT+CPOWD=1 pozimitsa, kuti ichoke pa netiweki mwadongosolo. AT+CBC imakuuzani voltage imene module ikudziona nayo. Musanagule, fufuzani ngati kampani ya foni imene mudzagwiritse ntchito ikadali ndi 2G, popeza m'mayiko angapo inazimitsidwa ndipo SIM800L siidziwa china.

Mukafuna kumaidula magetsi ndi MOSFET kapena load switch kuti musunge batire, pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale akatswiri. Pini ya TX ya ESP32 imakhala m'mwamba ikakhala sikutumiza. Module ikadulidwa magetsi, current imalowera pa pini ya RX, kudutsa pa diode zoteteza za m'kati, n'kumaidyetsa mozemba. Module siizima kwathunthu, choncho mukabwezeretsa magetsi siichita power-on reset yoyera ndipo imakhala yosayankha. Musanadule, tsitsani mapini onse opita ku module kapena muwasandutse input. Kenako dikirani capacitor yaikulu ija ikhuthuke. Ya 1000 µF yokhala ndi resistor ya 1 kΩ yokhuthulira ili ndi time constant ya sekondi imodzi, ndiye mupatse masekondi anayi kapena asanu musanayatsenso, ndipo resistor imeneyo ikhale kumbali ya module, kuseri kwa switch, kuti isamadye batire module ikakhala yozima.

Kuti mutsimikize kuti mwakonza, pamafunika oscilloscope, chipangizo choonetsa mmene voltage ikusinthira pa kanthawi kochepa, ngakhale yotchipa. Ikani probe pa pini ya 3V3 ya module yeniyeniyo, osati pa regulator, ndipo ground mutenge pafupi ndi kasipuling'i kakafupi m'malo mwa waya wautali wa kachingwe kopanira uja, amene amatola phokoso la eriyo n'kukuonetsani zinthu kulibe. Trigger ikhale pa falling edge pa 3.0 V, mu single mode, kenako yatsani Wi-Fi. Isagwire ngakhale kamodzi, batire lili pa 4.2 V komanso lili pa 3.5 V. Vuto la m'mawa musadikire dzuwa kuti muliyese. Chotsani batire, lumikizani bench supply, gwero la magetsi lotha kusinthidwa voltage ndi current, ikani malire a current pa 30 mA, muyambe pa 0 V n'kumakweza pang'onopang'ono kwa mphindi ziwiri mpaka 4.0 V, channel imodzi ili pa 3V3 ndi ina pa EN. EN iyenera kukhala pansi mpaka 3V3 itadutsa mlingo wa supervisor, kenako ikwere kamodzi. Mukamaliza kwezani malire a current kufika 600 mA osakhudza batani, ndipo bolodi lidzuke lokha. Bwerezani kakhumi, mukutsitsa voltage kufika 2.0 V, 1.5 V ndi 1.0 V musanaikwezenso, chifukwa chip chimakonda kukakamira pa milingo yapakatiyi kuposa pamene magetsi azimiratu.